Momwe mungatulutsire chithunzi chooneka bwino cha puloteni mu PyMOL

Chithunzi cha puloteni chimanyenga. Pa laputopu chimaoneka chakuthwa, mitundu ili waliwali, munthu n'kungojambula sikirini, kuchiponya mu Word, basi wathana nazo. Tsoka limakaonekera kopulintitsa. Ine zinandionekera pa posita yanga yoyamba: himogulobini yomwe ndinaichezera usiku wonse inatuluka ya chimbuuzi, m'mphepete muli manomano ngati sowo, ndipo kumbuyo kwake kwakuda bii kunamwa inki mpaka pepala kufewa. Wopulinta analibe mlandu. Timadontho ta pa sikirini yanga tinali tochepa, ine n'kutitambasula pa pepala lalikulu.

Pano tigwiritsa ntchito PyMOL, pulogalamu yomwe Warren DeLano anaiyambitsa ndipo kampani ya Schrödinger yakhala ikuisamalira kuyambira 2010, iye atamwalira mu 2009. Chitsanzo chathu chikhala himogulobini, puloteni yonyamula okosijeni m'magazi, chifukwa matenda a sickle cell si achilendo m'zipatala za ku Malawi ndi ku Zambia, ndipo gwero lake ndi kamalo kamodzi pa puloteniyi komwe tingathe kukaloza pa chithunzi.

Tengani kaye rula ndi kakyuleta

Musanatsegule pulogalamu, dziwani komwe chithunzi chikupita ndi kukula kwake pa pepala. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, ndipo ambiri amapadumpha.

Chithunzi cha pa kompyuta ndi timadontho, ma pixel. Kuti chisindikizike bwino, magazini ambiri a sayansi amafuna timadontho 300 pa inchi iliyonse, zomwe amazilemba kuti 300 dpi. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Ndiye masamu ake ndi awa: mulifupi mwa chithunzi m'masentimita, gawani ndi 2.54, chulukitsani ndi 300.

Chithunzi cha mu thesis chodzaza mulifupi mwa tsamba la A4 chimakhala cha masentimita pafupifupi 16, ndiye chikufuna ma pixel 1890. Magazini ya Nature ili ndi miyezo ikuluikulu iwiri, mamilimita 89 ndi mamilimita 183, kutanthauza ma pixel pafupifupi 1050 ndi 2160. Posita anthu amaiwerenga ataima patali pang'ono, kotero 150 dpi imakwana: chithunzi cha masentimita 40 chikufuna ma pixel pafupifupi 2360. Za PowerPoint n'zosavuta, 1920 m'lifupi ndi yokwanira.

Lembani nambala yanu penapake. Ife titenga 1890.

Pulogalamu ndi fayilo

PyMOL ilipo yogula, ya ophunzira ndi yaulere. Yogulayo mukaiyendetsa opanda laisensi imadinda mawu pa zithunzi zanu, ndipo ya ophunzira ndi yophunzitsira m'kalasi, salola kuti zithunzi zake zikalowe mu kafukufuku wosindikizidwa. Yaulere ilibe mavuto amenewa. Pa Ubuntu mumaipeza polemba `sudo apt install pymol`, ndipo pa kompyuta iliyonse yomwe ili ndi conda, pulogalamu yoikira mapulogalamu ena:

`conda install -c conda-forge pymol-open-source`

Mukaitsegula, pali kabokosi kolembamo malamulo. Zolowerani kulemba m'menemo m'malo mofufuza m'mamenyu, chifukwa chake muchiona kutsogoloku. Pangani foda ya ntchitoyi, muiuze PyMOL kuti izigwirira m'menemo, kenako kokani fayilo:

`cd zithunzi_hb`
`fetch 4hhb`

Lamulo la `cd` limafuna njira yonse yopitira ku foda ngati fodayo ili kwina. Mukasokonezeka kuti muli pati, `pwd` ikuuzani. Anthu ambiri amasaka zithunzi zawo kompyuta yonse chifukwa chodumpha sitepe imeneyi.

4HHB ndi nambala ya himogulobini ya munthu, yopanda okosijeni, mu Protein Data Bank (PDB), nkhokwe ya mapangidwe a mapuloteni yomwe inayamba mu 1971 ku Brookhaven, ku America, ndi mapuloteni 7 okha ndipo lero yapitirira 200,000. Fayiloyi ndi ya 1984, ndipo mmodzi mwa eni ake ndi Max Perutz, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 1962 chifukwa cha ntchito yake pa puloteni yomweyi. Mukaikoka kamodzi imatsala mu foda yanu, ndiye ulendo wina `fetch` imangotsegula ya pa kompyutayo osadyanso bandulo.

Chotsani zonse, mubwezere zofunika zokha

Funso loti mudzifunse ndi lakuti woona chithunzichi aone chiyani choyamba. Yankho likhale chinthu chimodzi. Tiyambe ndi chithunzi choonetsa matcheni anayi a himogulobini ndi timagulu ta heme tomwe timagwira okosijeni.

`remove solvent`
`hide everything`
`show cartoon`
`color wheat, chain A+C`
`color skyblue, chain B+D`
`show sticks, resn HEM`
`util.cbay resn HEM`
`show spheres, elem Fe`
`set sphere_scale, 0.4, elem Fe`

Mzere woyamba ukuchotsa madzi omwe anagwidwa pamodzi ndi puloteni, ndipo `show cartoon` ikuonetsa matcheni ngati maliboni. Matcheni A ndi C ndi a alpha, lililonse lili ndi ma amino acid (tizidutswa tomanga puloteni) 141, pomwe B ndi D ndi a beta, a 146. Tawapatsa mitundu iwiri yokha m'malo mwa inayi, kuti diso lione nthawi yomweyo kuti awiriawiri ndi ofanana. Heme taionetsa ngati timitengo tachikasu, ndipo atomu ya ayironi pakati pake ngati kampira.

Pa mitundu pali mawu awiri. Musadalire kufiira ndi kubiriwira posiyanitsa zinthu ziwiri zoyandikana, pakuti pali anthu, makamaka amuna, omwe maso awo sasiyanitsa mitundu imeneyi. Chachiwiri, ambiri timapulinta thesis ndi inki yakuda yokha kupatula makope omaliza, ndiye sankhani mtundu umodzi wowala ndi wina wodera kuti kusiyana kuzionekabe. Utawaleza womwe `spectrum` imapereka ndi wokongola, koma ngati simungathe kufotokoza tanthauzo la mtundu uliwonse pansi pa chithunzi, usiyeni.

Kenako kumbuyo:

`bg_color white`

Chitani izi tsopano, osati pomaliza, chifukwa mtundu wooneka bwino pakuda umatha kuzimiririka poyera. Chikasu chowala ndiye chimakonda kutero.

Kaimidwe ka molekyu

Yambani ndi kupatsa zenera mawonekedwe ofanana ndi a chithunzi chomwe mukufuna:

`viewport 800, 600`
`orient`

Mukasiya zenera lili lotambalala kenako n'kutulutsa chithunzi cha mbali zofanana, zomwe munakonza pa sikirini sizikhala zomwe zituluke. `orient` imagoneka molekyu motsata kutalika kwake. Kuchokera apo itembenuzeni ndi mouse mpaka ma heme onse anayi aoneke ndipo kabowo ka pakati pa matcheni kayang'ane kwa inu. Musafulumire apa. Mphindi khumi zotembenuza molekyu zimapindula kuposa ola lathunthu losintha kuwala. `zoom complete=1` imaonetsetsa kuti palibe mbali yodulidwa m'mphepete, ndipo ngati chigawo china chikuoneka ngati chasengedwa ndi mpeni, pukusani kagudumu ka mouse kuti mutalikitse malire a kutsogolo ndi kumbuyo.

Mukakhutira, lembani:

`get_view`

Patuluka manambala 18 oyamba ndi mawu akuti `set_view`. Akopereni onse, muwasunge mu fayilo. Amenewa ndiwo kaimidwe ka kamera yanu, ndipo mukawabwezera mu PyMOL tsiku lina lililonse molekyu ibwerera ndendende pomwe inali. Ndi dzanja simungathe kubwereza zimenezo.

Kuwala, mithunzi ndi chifunga

Zomwe mukuona pa zenera ndi chithunzi chachangu chojambulidwa ndi khadi ya zithunzi ya kompyuta. Chithunzi chenicheni chimapangidwa ndi lamulo la `ray`, lomwe limatenga kadontho kalikonse, kutsatira njira ya kuwala kulowa mu molekyu, n'kuwerengera chomwe kuwalako kwagunda, mtundu wake, ndiponso ngati pali china chochitchinga. N'chifukwa chake limachedwa, ndipo n'chifukwa chake zotsatira zake zimasiyana ndi za pa zenera. Yesani kaye laling'ono:

`ray 800`

Mukapereka nambala imodzi, PyMOL imawerengera yokha kutalika motsata zenera. Tsopano yang'anitsitsani. Chomwe chimadabwitsa ambiri ndi mithunzi: riboni lililonse likuponya mthunzi pa linzake, ndipo pa puloteni yopotanapotana ngati himogulobini pamadzaza mizere yakuda yosokoneza. Pa chithunzi cha maliboni ine mithunzi ndimaizimitsa nthawi zonse. Ndimaisiya pokhapokha ndikuonetsa khungu la puloteni ndi `show surface`, pomwe mthunzi umathandiza kuona kuti apa pali dzenje, apa pali chitunda.

`set ray_shadows, 0`
`set specular, 0.2`
`set antialias, 2`
`set cartoon_fancy_helices, 1`

`specular` ndi kunyezimira kuja kopangitsa puloteni kuoneka ngati ya pulasitiki yopakidwa mafuta, ndipo kukachepa maso amapuma. `antialias` imasalaza m'mphepete, ndiyo mankhwala a manomano aja.

Pali chifunganso. PyMOL imazimiritsa mbali zakutali kuti woona adziwe chomwe chili kutsogolo ndi chomwe chili kumbuyo. Pa molekyu yonse chifungachi n'chothandiza, chisiyeni. Koma ngati chinthu chomwe mukulozacho chili chakumbuyo ndipo chikumira, chichotseni ndi `set depth_cue, 0` komanso `set ray_trace_fog, 0`.

Chomwe chimasintha chithunzi kwambiri ndi ichi:

`set ray_trace_mode, 1`

Chimazunguliza chinthu chilichonse ndi kamzere kakuda, ngati kojambula ndi cholembera. Pa pepala loyera kamzereka kamalekanitsa maliboni oyandikana bwino kwambiri, ngakhale pulinta itakhala yotopa. Mukaika 2 mitundu yonse imachoka n'kutsala mizere yokha, zabwino pa mapepala a mayeso ndi zogawira ophunzira. Mukaika 3 mitundu imakhala yamphamvu ngati ya zidole za pa TV, ndipo sindinaonepo malo omwe zinandithandiza. 0 imakubwezerani poyamba. Zonsezi simuziona pa zenera mpaka mutalamula `ray`. Kukhuthala kwa kamzereka kumadalira `ray_trace_gain`, ndipo kamzere kooneka konenepa pa 800 kamakhala kowonda pa 1890, ndiye kakuweruzani ndi chithunzi chomaliza.

Kutulutsa chithunzi

Sungani kaye ntchito yanu, magetsi sapanganika:

`save hb.pse`

Kenako mizere iwiri iyi, motsatana:

`ray 1890`
`png hb_chithunzi1.png, dpi=300`

Pakati pa mizere iwiriyi musakhudze zenera. Mukangodina pa molekyu, ngakhale mwangozi, chithunzi cha `ray` chimafufutika ndipo `png` isunga chachangu chija. Pofuna kupewa ngoziyo, zonse zitha kulowa mu mzere umodzi, PyMOL n'kuchita yokha masamu aja:

`png hb_chithunzi1.png, width=16cm, dpi=300, ray=1`

Mvetsetsani chinthu chimodzi pa `dpi=300`. Payokha siiwonjezera kadontho ngakhale kamodzi. Ndi kachizindikiro chabe kouza Word kapena pulinta kuti timadontho tomwe tilipo titambasulidwe motani. Chithunzi cha ma pixel 800 mukachimata 300 dpi chimangokhala cha masentimita osakwana 7. Chimodzimodzinso kuchikulitsa pambuyo pake mu pulogalamu yokonzera zithunzi: kompyuta imangopeka timadontho tomwe panalibe, chimbuuzi chili pomwepo. Mukapeza kuti chithunzi chachepa, bwererani ku `ray`.

Za kumbuyo, sankhani nokha, musaisiyire pulogalamu. `set ray_opaque_background, 1` imapereka kumbuyo koyera kotsekeka, koyenera thesis ndi magazini. Mukaika 0 kumbuyo kumakhala koonekera, ndipo molekyu mutha kuikhazika pa posita ya mtundu uliwonse popanda bokosi loyera loizungulira. Ngakhale zili choncho `bg_color` ikhale yofanana ndi mtundu wa komwe chithunzi chikupita. Musadabwenso mapulogalamu ena oonera zithunzi akakuonetsani kumbuyo koonekerako ngati kwakuda. Fayilo ilibe vuto.

Laputopu ikamalira fani, dziwani kuti `ray` ya PyMOL imagwiritsa ntchito purosesa, osati khadi ya zithunzi. Mukachulukitsa mulifupi kawiri, timadontho timachuluka kanayi, ndipo nthawi nayo imakwera. Maliboni a himogulobini satenga nthawi, koma khungu loonekera, la `set transparency, 0.5`, pa puloteni yaikulu limatha kukudikiritsani. `set hash_max, 250` imafulumizitsako zinthu posinthanitsa ndi memory yochuluka, ndipo PyMOL ikamadzitsekera pakati pa ntchito nambala yomweyo ichepetseni. Ngati n'zongotumizira mnzanu kuti aone, `draw 1890` imapereka chithunzi chachikulu pa kanthawi kochepa, chopanda mithunzi ndi mizere ija.

Zithunzi ziwiri zoyerekeza

Apa ndi pomwe manambala 18 aja amabweza ngongole. Tiyerekeze himogulobini yabwinobwino ndi ya sickle cell. Kusiyana kwake kuli pa malo a nambala 6 a tcheni la beta: pomwe payenera kukhala amino acid ya glutamate pali ya valine. Glutamate imagwirizana ndi madzi, valine imawathawa, ndiye okosijeni akachoka valine ija imakabisala m'kathumba kopangidwa ndi phenylalanine 85 ndi leucine 88 pa himogulobini yoyandikana nayo. Mamolekyu amalumikizana motero n'kupanga ulusi wautali womwe umapinda selo lofiira ngati chikwakwa.

`fetch 2hbs`
`hide everything, 2hbs`
`align 2hbs and chain A+B+C+D, 4hhb`
`show cartoon, 2hbs and chain A+B+C+D`
`color wheat, 2hbs and chain A+C`
`color skyblue, 2hbs and chain B+D`
`show spheres, chain B+D and resi 6`
`color red, chain B+D and resi 6`
`hide everything, resn HEM`

Fayilo ya 2HBS ili ndi mamolekyu awiri athunthu, n'chifukwa chake tasankha matcheni anayi oyamba okha. `align` yawasanjikiza pa 4HHB. Tembenuzani mpaka malo a nambala 6 aoneke bwino, tengani `get_view` yatsopano, ndipo kuyambira pamenepo kamera isasunthenso. Zimitsani imodzi, jambulani, kenako sinthanitsani:

`disable 2hbs`
`png hbA.png, width=8cm, dpi=300, ray=1`
`enable 2hbs`
`disable 4hhb`
`png hbS.png, width=8cm, dpi=300, ray=1`

Zithunzi ziwirizi mukaziika pambalipambali, chosiyana chomwe diso lipeze ndi timipira tofiira tija basi. Zikanakhala zotembenuzidwa mosiyana ngakhale pang'ono, woona akanayamba kusaka kusiyana pomwe palibe.

Zilembo monga Glu6 ndi Val6 PyMOL imatha kulemba ndi lamulo la `label`, koma zimakonda kubisala kuseri kwa riboni kapena kutuluka zazing'ono. Ine ndimatulutsa chithunzi chopanda mawu, n'kukalemba zilembo ndi mivi mu Inkscape, yomwenso ndi yaulere. Kumeneko zilembo zimakhala zakuthwa pa kukula kulikonse, ndipo mukalakwitsa nambala simubwerezanso `ray`.

Ikani zonse mu fayilo imodzi

Woyang'anira kafukufuku wanu adzati, sabata yomaliza, buluuyo achepe ndipo chithunzi chikule. Amatero ndithu. Ngati munachita zonse ndi mouse, muyambiranso pachiyambi. Ngati munalemba malamulo, ndi nkhani ya mphindi ziwiri.

Tsegulani Notepad kapena pulogalamu ina yolembera mawu wamba, ikanimo mizere yonse yomwe mwagwiritsa ntchito, mwa dongosolo lake, kuphatikizapo `set_view` ndi mzere wa `png` kumapeto. Mzere wokoka fayilo muulembe kuti `fetch 4hhb, async=0`, kuti PyMOL idikire fayilo ifike isanapitirire. Sungani ngati `hb.pml`. Muli mkati mwa PyMOL mumaiyendetsa ndi `@hb.pml`, ndipo kunja kwake, osatsegula zenera n'komwe:

`pymol -cq hb.pml`

Njira yachiwiriyi ndi yabwino laputopu yanu ikakhala yofooka. Kafayiloka n'kopepuka kwambiri, mutha kukapereka kwa mnzanu wa kompyuta yamphamvu, iye n'kukubwezerani chithunzi chofanana ndendende ndi chomwe munakonza. Amene kulemba pamanja kumawatopetsa alembe `log_open hb.pml` poyamba penipeni, PyMOL izisunga yokha malamulo awo, ngakhale pambuyo pake pamafunika kupalira zoyesayesa zomwe zinalowamo.

Ngati mumagwiritsa ntchito ChimeraX kapena VMD

Awa ndi mapulogalamu ena oonetsera mamolekyu. Masamu a ma pixel ndi omwewo, malamulo okha ndiwo asintha. Mu ChimeraX, ya ku University of California, San Francisco, mizere iyi imachita zofanana ndi zomwe tachita:

`set bgColor white`
`lighting soft`
`graphics silhouettes true`
`save hb.png width 1890 height 1418 supersample 3`

Mukafuna kumbuyo koonekera onjezani `transparentBackground true`. ChimeraX imajambula ndi khadi ya zithunzi, ndiye siidikiritsa, ndipo pa mamolekyu akuluakulu monga chikuto cha kachilombo ndi yomwe ndingasankhe. VMD, ya ku University of Illinois, imatulutsa zithunzi zake zabwino kudzera mu Tachyon, yomwe imagwira ntchito ngati `ray` ija, ndi lamulo ngati `render TachyonInternal hb.tga`, ndipo fayiloyo mumaisandutsa PNG pambuyo pake.

Chithunzi chikamachoka m'manja mwanu

PNG siitaya kalikonse, ndiye isungeni ngati mbewu. JPEG imaononga m'mphepete mwa mizere, ndipo mukaisunga kawiri katatu zipsera zimaonekeratu. Magazini ikafuna TIFF, PyMOL siitulutsa yokha, koma GIMP kapena ImageMagick imasandutsa popanda kutaya kanthu:

`magick hb.png -background white -alpha remove -compress lzw hb.tif`

Word nayo imatha kufinya zithunzi posunga fayilo. Lowani mu Options, pa Advanced, muchonge pomwe pakuletsa kufinya zithunzi, musanaikemo chithunzi chanu. Ndipo potumiza kwa wopulinta pa WhatsApp, tumizani ngati document. Mukatumiza ngati chithunzi wamba WhatsApp imachichepetsa, ma pixel 1890 omwe munawavutikira aja n'kuthera panjira.

Pansi pa chithunzi lembani nambala ya PDB, tanthauzo la mtundu uliwonse, ndi dzina la pulogalamu pamodzi ndi version yake, yomwe mungaione polemba `get_version`. Kenako pulintani tsamba limodzi lokhalo pa pepala wamba, pa kukula kwake kwenikweni, mulipereke kwa munthu yemwe sanakhale nanu pokonza, mumufunse chomwe waona choyamba. Akapanda kuloza timipira tofiira tija, tsegulani `hb.pml`, muzimiritse maliboni ndi `set cartoon_transparency, 0.3`, muyendetsenso.